Ndege kapena mudzi? Yankho kwa dokotala wachinyamata wa ku Angónia

Wowerenga wina watilembera kuti: "Adokotala, ndine mnyamata wa ku Dómuè. Ndinamaliza udokotala ku UniZambeze ku Tete, ndipo ndagwira ntchito zaka ziwiri pa chipatala china kuno ku Angónia. Kuyambira ndili mwana ndimakonda ndege, ndipo ndamva kuti kuli maphunziro a medicina aeronáutica, udokotala wa za ndege. Akuluakulu anga a kuntchito akuti ndichite mestrado ya saúde pública, digiri yachiwiri ya za umoyo wa anthu onse. Bambo anga nawo akuti za ndegezo n'zotaya nthawi pamene anthu akutha ndi malungo pakhomo. Maphunzirowa ndi otani, amachitikira kuti, ndipo ndingadye nawo kuno kwathu?"

Achimwene, bambo anuwo musawatsutse msanga. Malungo akunenawo ndi enieni, ndipo inu mukuwadziwa kuposa ine, popeza ndinu amene mumachezera nawo usiku ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, mvula ikakhazikika. Koma ndikuona kuti nonse, inuyo, bambo ndi akuluakulu a kuntchito, mwaima pa mphambano yomwe kulibe. Mukuyesa kuti msewu wina ukulowera ku bwalo la ndege la Chingodzi, wina ukubwerera ku Dómuè, ndipo mukatenga uwu, winawo mwatsanzikana nawo. Amene anayambitsa maphunzirowa sanaone choncho.

Ku America nthambi imeneyi ya udokotala wa za ndege inavomerezedwa mu 1953, ndipo satifiketi yake imachokera ku American Board of Preventive Medicine, bungwe la madokotala oteteza matenda, osati la ochita opaleshoni kapena ochiza mtima. Yunivesite ya Wright State, mumzinda wa Dayton ku Ohio, kwawo kwa anyamata awiri apachibale a Wright amene anaulutsa ndege mu 1903, inatsegula maphunzirowa mu 1978 n'kuwaika pansi pa dipatimenti ya Community Health. Ku yunivesite ya Pretoria nakonso ali m'sukulu ya public health, yomwe ndi saúde pública yomweyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Inu ku wodi mumalandira munthu wodwala amene akukhala pamalo abwinobwino. Dokotala wa za ndege amalandira munthu wabwinobwino amene akupita kumene thupi silinalengedwere kukhalako, ndipo ntchito yake ndi yoti vuto lisayambe n'komwe. Akamamvetsera mtima wa woyendetsa ndege mmodzi, m'mutu mwake muli anthu 100 kapena 200 amene adzakhale kumbuyo kwa munthuyo. Amene amathira klorini pa chitsime cha mudzi amaganizanso chimodzimodzi: chitsime n'chimodzi, omwa ndi ambiri.

Ndiyambe ndi thupi lenilenilo. Tsiku lina mukamatsikira ku Tete, tengani botolo lapulasitiki lopanda kanthu, mulitseke zolimba muli ku Ulónguè. Chapa ikamafika ku Moatize mudzalipeza litafinyika m'mbali ngati wina walikhalira. Ulónguè ili pamwamba, mamita opitirira 1,200, pamene mzinda wa Tete sufika ngakhale mamita 200, ndiye mpweya wa kumunsi umapanikiza kwambiri. Pobwerera zimatembenuka, mpweya wotsekeredwa umafufuma. Ndi lamulo la Boyle lija munaloweza ku sekondale n'kuliiwala mayeso atangotha.

Ndege zikuluzikulu zimauluka pa mamita 10,000 mpaka 12,000, koma m'kati amapoperamo mpweya kuti thupi lizimva ngati lili paphiri losapitirira mamita 2,438, omwe ndi mafiti 8,000. Phiri lanu la Dómuè langopitirira pang'ono mamita 2,000. Tinene tsono kuti aliyense wokwera ndege amakhala ngati wanyamulidwa n'kukhazikidwa pansonga pa Dómuè m'mphindi zochepa, osapuma panjira. Pamenepo mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo okosijeni wofika m'magazi amachepa ngati munthu akupuma mpweya wa 15 peresenti m'malo mwa 21. Munthu wathanzi saturação yake, muyeso wa okosijeni m'magazi, imatsika mpaka cha m'ma 90 kapena 93, iye osadziwa kanthu, akumwa tiyi. Makina opopera aja atati alephere ndege ili pa mamita 10,700, woyendetsa amatsala ndi masekondi 30 mpaka 60 okha oganiza bwino. Choopsa cha kuchepa kwa okosijeni n'chakuti sikupweteka. Munthu amamva kukoma ngati walawako kachasu, amaseka, n'kumalakwitsa zinthu uku akudziona kuti ali bwinobwino. Paul Bert wa ku France anazilemba izi mu 1878, ndege zisanabadwe, atayesa nyama ndi anthu m'zipinda zochotsedwa mpweya.

Tsopano chotsanipo munthu wathanzi uja, muikepo odwala anu. Mayi amene wataya magazi pobereka, hemoglobina ili pa 6, pansi akuoneka ngati akulimba, koma kumwamba kulibe poti atape okosijeni wina. Mwana wa anemia falciforme, amene magazi ake amapindika okosijeni akachepa, kapamba n'kutupa. Mnyamata wa njinga yamoto amene wagundidwa pachifuwa. Wina wangochitidwa opaleshoni ya m'mimba, mpweya udakali m'kati. Wina mwamumanga pulasitala dzulo, mwendo ukutupabe. Kabaluni ka chubu chopumira nakonso kali ndi mpweya, kamafufuma n'kupanikiza kholingo. Aliyense wa awa ali ndi lamulo lake lomukonzera asanakwere.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Ndili wa msinkhu wanu, ndinaperekeza pa ndege yaing'ono bambo wina amene anachita ngozi ya pamsewu. Nthiti ziwiri zinali zothyoka, koma ankapuma bwino, ankalankhula, anandifunsanso kuti mpira unatha bwanji. X-ray ndinaiyang'ana mothamanga, nditailozetsa pawindo, ndipo sindinaone kampweya kamene kanatuluka m'papo n'kukhala pakati pa papo ndi nthiti. Titakwera m'mwamba ndinangoona munthu wayamba thukuta, kupuma kukufulumira, mbali imodzi ya chifuwa osagwedezeka. M'ndege yaing'ono stethoscope ilibe ntchito, injini imameza zonse. Ndinapempha woyendetsa kuti atsike m'munsi, ndinabaya singano yaikulu pachifuwa, mpweya n'kutuluka kuti fyuu. Bamboyo anafika wamoyo. Koma dreno, paipi yotulutsira mpweya m'chifuwa, ndinayenera kuiika tili pansi, tisanayatse n'komwe injini, ndipo cholakwacho chinali changa. Tsiku limenelo ndi limene linanditumiza kukaphunzira, osati chikondi cha ndege ayi.

Mwafunsa ngati mungadye nawo. Ndikuyankhani mosabisa: ngati mukuganiza zongounika oyendetsa ndege, simukhuta.

Ntchitoyo payokha ndi yokoma. Bungwe la ICAO loona za ndege pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Montreal, linaika mu Annex 1 magulu atatu a chiphaso cha umoyo. Class 1 ndi ya oyendetsa ndege zamalonda, Class 2 ya oyendetsa ndege zawozawo, Class 3 ya anthu a m'nsanja amene amalondolera ndege. Wa Class 1 amaunikidwa miyezi 12 iliyonse, ndipo akafika zaka 60 imakhala miyezi 6 iliyonse. Mumayeza maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, mumafunsa za mowa ndi za tulo. Mumaphunzira kuti mankhwala amene mumalemba tsiku ndi tsiku osaganiza kawiri, kwa woyendetsa ndege ndi oletsedwa: mefloquine wa malungo, mapiritsi a chimfine ogonetsa aja. Mumaphunziranso kuti munthu wa HIV sachotsedwa basi chifukwa cha kachilomboko, malamulo a ICAO amalola kuti aunikidwe bwino ndipo akapezeka kuti ali bwino, aziuluka. Kuno kwathu amene amavomereza madokotala ogwira ntchitoyi ndi IACM, Instituto de Aviação Civil de Moçambique. Vuto n'lakuti oyendetsa ndege m'dziko muno ndi ochepa, ambiri a iwo ali ku Maputo, ndipo madokotala owerengeka okha amakwana kuwaunika onse. Wokhala ku Tete angathe mwezi osaona ngakhale mmodzi.

Pali chinthu chimodzi m'ntchito imeneyi chomwe zaka zanu za ku Angónia zakuphunzitsani kale. Woyendetsa ndege amaopa dokotala, chifukwa chiphaso chija ndiye khasu lake. Akanena kuti sakugona, kapena kuti maganizo akumulemera, akudziwa kuti mungamukhazike pansi. Ndiye amabisa. Pa 24 Malichi 2015 ndege ya Germanwings inagwetsedwa dala m'mapiri a ku France ndi wachiwiri kwa woyendetsa, amene anabisira abwana ake matenda a maganizo, ndipo anthu 150 anafa. Chichitikire zimenezo, nkhani yaikulu m'nthambi yathu ndi yakuti munthu timuchititsa bwanji kuti alankhule zoona popanda kuopa kutaya ntchito. Inu amene mwakhalapo ndi bambo wosiya kumwa ma ARV koma akulumbira kuti akumwa, mukudziwa kuti makina sathandiza pamenepo. Pamafunika kudziwa kufunsa, ndi kudziwa kukhala chete.

Pamene mungadyere, ndi pamene mungathandizire anthu anu, ndi pamene ndege ndi mudzi zimakumana, ndipo m'chigawo cha Tete malo oterewa ndi ambiri. Kumbukirani 2022. Mu Febuluwale dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wa mtundu wakuthengo. Mu Meyi tinamva za mwana wa ku Changara, koyamba m'dziko muno chichokere 1992. Ana asanu ndi atatu anapuwala m'chigawo chathu chino mliriwo usanalengezedwe kuti watha mu Meyi 2024. Atakaunika kachilomboko anapeza kuti n'kachibale ka kamene kanali ku Pakistan. Kachilombo kalibe mapiko, kamayenda m'mimba mwa anthu, ndipo anthu masiku ano amawoloka nyanja m'tsiku limodzi. N'chifukwa chake malamulo a zaumoyo a dziko lonse, International Health Regulations a 2005, amalamula kuti pa mabwalo a ndege, pa madoko ndi pa zipata za m'malire pakhale anthu odziwa kuzindikira mliri ndi kuutchinga, ndipo ICAO inayambitsa pulogalamu ya CAPSCA mu 2006 pa chifukwa chomwecho. Chigawo chathu chili ndi bwalo la ndege la Chingodzi ndi zipata za m'malire za Zóbuè, Calómuè, Cuchamano ndi Cassacatiza. Munthu wodziwa epidemiologia, kafalidwe ka matenda, amenenso akumva chilankhulo cha anthu a ndege, wodziwa chifukwa chake amapopera mankhwala a udzudzu m'ndege, wodziwa kuti wodwala TB akakwera ulendo wa maola 8 kapena kupitirira oyandikana naye amafunika kuwalondola, ameneyo ndi wosowa.

Nanga madzi akasefukira? Mu Malichi 2019, namondwe Idai atagwetsa Beira, ma helikopita ndi amene ankatsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga ku Búzi, ndipo kolera atabuka, katemera wake pafupifupi 900,000 anafika pa ndege. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Pa masiku otere pamafunika wina woti anene kuti pa odwala khumi awa, malo m'helikopita alipo atatu, akwere uyu, uyu ndi uyu, uyo akwera koma muuluke m'munsi, uyo asakwere chifukwa kumwamba kumupha. Ngakhale kunja kuli ng'aa, funso lomwelo lilipo tsiku ndi tsiku kwa wodwala wa ku Zumbo kapena ku Marávia amene ulendo wake wa pamsewu umadya tsiku lathunthu. Onjezerani migodi ya malasha ya ku Moatize ndi damu la Cahora Bassa ku Songo. Woyendetsa chigalimoto cha mumgodi usiku wonse ali ndi mavuto a woyendetsa ndege: kutopa, tulo tosokonekera, phokoso lowononga makutu, maso, mowa. Medicina do trabalho, udokotala wa anthu apantchito, ndi medicina aeronáutica ndi ana a mimba imodzi, ndipo kunena zoona, ndalama zogulira ufa zimachokera kwambiri kwa woyambayo. Tsidya la malire, ku Kasungu, anatsegula mu 2017 malo oyeserapo ma drone onyamula magazi ndi mankhwala. Amenewo alibe woyendetsa woti mumuyeze mtima, koma amafuna munthu wodziwa kuti katemera afike wozizira ndi kuti posto iti ikufunika kuyambira.

Za kuthambo, kumene kuli International Space Station pa makilomita pafupifupi 400, ndingodutsapo. N'zosangalatsa kuwerenga: madzi a m'thupi amathamangira kumutu, mafupa amatha ndi 1 peresenti kapena kupitirirapo pang'ono mwezi uliwonse, minofu imafota. Zina zochokera kumeneko zinatifika kale, monga ndondomeko ya HACCP yosamalira chakudya, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 pokonza chakudya cha anthu a NASA. Dokotala wa ku Brazil, Thais Russomano, anaphunzira ku Wright State ndi ku King's College London n'kukatsegula malo a kafukufuku wa zimenezi ku Porto Alegre mu 1999, ndiye musaganize kuti olankhula Chipwitikizi n'ngoletsedwa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Residência, maphunziro a ukatswiri a madokotala, ya ku America, monga ya ku Galveston imene imagwira ntchito ndi NASA, imafuna kuti mulembe kaye mayeso a USMLE ololeza udokotala m'dzikolo, malo ndi owerengeka pa chaka, ndipo ntchito za boma zotsatira pambuyo pake zimafuna nzika za dzikolo. Mungathe zaka zisanu ndi ndalama za banja lonse mukugogoda pa khomo limenelo. Sindikulangizani.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zimene akuluakulu anu akunena, koma pa chifukwa changachanga. Mestrado ya saúde pública ilipo ku Faculdade de Medicina ya Universidade Eduardo Mondlane. Imene ndimaikonda kwambiri kwa munthu ngati inu ndi ya epidemiologia de campo, imene inayamba mu 2010 mogwirizana ndi Instituto Nacional de Saúde. Ndi ya zaka ziwiri, ndipo nthawi yambiri simukhala m'kalasi, mumakhala kumene kwabuka mliri, nsapato zili matope. Musaiwalenso kuti kuchokera ku Ulónguè, Blantyre ili pafupi kuposa Maputo, yemwe ali makilomita opitirira 1,500 kuchokera ku Tete. Kamuzu University of Health Sciences ili ndi Master of Public Health, anthu a kumeneko mumamvana nawo chilankhulo, ndipo mungapindule kawiri chifukwa maphunziro ali m'Chingerezi. Kungoti mukabwera nayo digiriyo muyenera kuipezera equivalência, chikalata choivomereza kuno. Chingerezicho musachipeputse. Mabuku a nthambi ya ndege, kuphatikizapo Manual of Civil Aviation Medicine ya ICAO, ndi misonkhano yake yambiri, zimayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a Chingerezi a IELTS agwetsa madokotala anzeru ambiri amene ankayesa kuti Chingerezi cha pa msika wa Lizulu chikwana.

Mukakhala ndi maziko amenewo, za ndege mumangozisanjika pamwamba, ndipo sizitenga nthawi yaitali. Pretoria ndiye pafupi komanso potchipirapo, ndipo asilikali a ku South Africa ali ndi Institute for Aviation Medicine ku Centurion komweko. King's College London imakonzekeretsa madokotala Diploma in Aviation Medicine m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo dipulomayo imalemekezedwa m'mayiko ambiri, koma mtengo wake si wa malipiro a boma. University of Otago ya ku New Zealand imaphunzitsa aviation medicine pa intaneti, munthu ali pantchito kwawo, ngati netiweki ya kwanu ingapirire. Palinso makosi aafupi a masabata ochepa okonzekeretsa dokotala kukhala wounika oyendetsa ndege. Musanalipire kosi iliyonse, lemberani IACM muwafunse ngati adzaivomereze. Ndaonapo mnzanga atabwera ndi satifiketi yokongola yomwe inangothera pakhoma.

Chifukwa china choyambira ndi saúde pública ndi bolsa, thandizo lolipirira maphunziro. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, ndiye ma bolsa a Commonwealth ndi otseguka kwa inu. Bolsa ya Chevening ya ku Britain imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo inu mwakwanitsa. Kunonso kuli Instituto de Bolsas de Estudo. Onsewa amafunsa funso la bambo anu lomwe lija, kungoti amalifunsa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi: anthu akwanu apindula chiyani? Mukalemba kuti mumakonda ndege kuyambira muli mwana, kalata yanu adzaiika pansi pa mulu. Mukalemba kuti mwawerenga odwala onse amene chipatala chanu chinatumiza ku Tete m'chaka chathunthu, mukudziwa angati anafika mochedwa ndi chifukwa chake, ndipo mukufuna kuphunzira kasamutsidwe ka odwala pamsewu ndi m'mwamba kuti mukonze ndondomeko ya chigawo, adzakuitanani.

Kuwerengako yambani mwezi uno, mutapempha chilolezo kwa mkulu wa chipatala, ndipo mayina a odwala musalembe. Gulani kope lachikuto cholimba. Pa transferência iliyonse, mukamatumiza wodwala ku chipatala china, lembani msinkhu, matenda, ola limene munaganiza zotumiza, ola limene ambulansi inanyamukadi, chimene chinachedwetsa, kaya ndi mafuta, dalaivala kapena achibale amene amadikira amalume kuti avomereze, saturação ndi hemoglobina ponyamuka, amene anaperekeza, ndipo muziimba foni mawa lake kuti mumve ngati anafika wamoyo. Mzere wa hemoglobina ndi wa foni ya mawa lake ndi imene idzayambe kukhala yopanda kanthu. Imeneyo muziidzaza nokha, musatume.